Mbaula ya ku Gdańsk ndi Mitundu Yake Yakale

Mu mzinda wa Gdańsk, ku Poland, muli nyumba yakale yotchedwa Artus Court, momwe amalonda olemera ankasonkhana. Kumeneko chisanu n'choopsa, motero m'zaka za 1545 ndi 1546 mmisiri Georg Stelzener anawamangira mbaula yotenthetsera chipinda, yotalika mamita oposa 10, yokutidwa ndi matailosi a dothi okwana 520. Pa ambiri mwa matailosiwo anaumbapo nkhope za mafumu a ku Ulaya.

Amalondawo analinso anthu a nthabwala. M'munsi mwa mbaulayo muli chithunzi cha Till Eulenspiegel, kamberembere wa m'nthano za ku Germany, atavula matako. Mlendo ankauzidwa kuti ayeze kukula kwa mbaula potambasula manja n'kuikumbatira. Potero pakamwa pake pankafika pamatakopo, eni nyumba n'kufa nacho chikhakhali!

Mu 1943, nkhondo itavuta, matailosi ambiri anaguluridwa n'kukabisidwa. Nyumbayo inapsa mu 1945. Matailosi ochuluka anapulumuka, koma ena anasweka, ena anasowa.

Apa ndiye panagona ntchito. Mtundu wa tailosi yotere sapaka ngati laimu pakhoma. Umachokera ku msanganizo wa mtovu ndi mchenga umene umasungunuka m'ng'anjo n'kuuma ngati galasi. Mkuwa umabala mtundu wobiriwira, chitsulo chimabala wachikasu kapena wofiirira, cobalt amabala wabuluu, pamene tini amayeretsa. Chovuta n'chakuti msanganizowo usanawotchedwe suonetsa mtundu wake weniweni, ndipo moto ukangopitirira pang'ono, kubiriwirako kumasintha. Wokonza ayenera kuyamba watsuka mwaye ndi litsiro pa tailosi yakale, kupima kachibenthu kake kuti adziwe zimene zinasakanizidwa, kenaka kuwotcha timapale toyesera kambirimbiri mpaka mtundu utafanana. Nalo dothi limafota likamauma ndi kupsa, choncho chikombole chimayenera kukulirapo kuposa tailosi yofunikayo.

Mmisiri wa lero angathe kupanga mitundu yowala kuposa ya Stelzener, koma imeneyo ingakhale mbaula ya iyeyo, osati ya mu 1546. Tailosi yatsopano iyenera kukhala mwaulemu pakati pa akuluakulu ake, osawaphimba.

Ntchito yomanganso mbaulayi inatha mu 1995, patapita zaka 50 chipsereni nyumbayo, ndipo matailosi akale ndiwo ochuluka pa iyo.