Makope a ku Mowbray

Mphunzitsi aliyense wa Chichewa amene adawerengako mabuku a akatswiri a ziyankhulo amadziwa kuti gulu la mayina la mu-, a- limatchedwa 1 ndi 2, ndipo gulu la chi-, zi- limatchedwa 7 ndi 8. Amene adayamba kuyika manambala amenewa ndi Wilhelm Bleek, Mjeremani wobadwira ku Berlin m'chaka cha 1827. Carl Meinhof adadzawonjezerapo pambuyo pake. Bleek yemweyo ndiye adafalitsa dzina loti Bantu kudzera m'buku lake, A Comparative Grammar of South African Languages, limene gawo lake loyamba lidatuluka mu 1862 ndipo lachiwiri mu 1869. Izi zisadachitike, mu 1856, adasindikiza ku London mndandanda wa mawu a ziyankhulo za ku Mozambique, ndipo m'menemo mudalinso mawu a Amaravi. Kotero munthu ameneyu si mlendo kwenikweni kwa ife. Koma nkhani ino ikukhudza ntchito yake ina, imene adaigwira pamodzi ndi mlamu wake Lucy Lloyd, ndipo panthawiyo palibe amene akadaloza phindu lake.

Anthu otchedwa /Xam adali gulu limodzi la mtundu wa San, umene azungu adaupatsa dzina loti Bushmen. Ankakhala m'dziko louma la kumpoto kwa Cape Colony, kumwera kwa mtsinje wa Orange, ndipo ankadalira ulenje ndi kukumba mizu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1700 azungu oweta nkhosa ndi ng'ombe adalowa m'dzikomo, nalanda zitsime, natha nyama za m'tchire ndi mfuti, ndipo magulu awo ankhondo adapha anthu ambirimbiri. Mu 1863 woweruza milandu wina, Louis Anthing, adalembera boma za kuphedwa kwa anthuwa, koma zinthu sizidasinthe. Otsala adasanduka antchito a m'mafamu. Ena njala itawapana adapha ziweto za azungu, namangidwa. Umu ndi mmene amuna ena a /Xam adapezekera m'ndende ya Breakwater ku Cape Town, kumene akaidi ankamanga khoma la miyala lotchinga mafunde padoko.

Panthawiyo Bleek ankayang'anira mabuku amene bwanamkubwa Sir George Grey adasiyira nyumba ya mabuku ya South African Library. Atamva za akaidiwa adapempha boma, ndipo mu Ogasiti 1870 adaloledwa kutenga mnyamata wina, /A!kunta, kukakhala naye kunyumba kwake ku Mowbray. Mu Febuluwale 1871 kudabwera mkulu wina, //Kabbo, amene dzina lake limatanthauza loto. Pambuyo pake kudabwera Dia!kwain ndi mlongo wake !Kweiten-ta-//ken, kenaka /Han≠kass'o, mkamwini wa //Kabbo. Awa ndiwo adali aphunzitsi. Bleek ndi Lloyd adali ana asukulu.

Tsono tiyenera kumvetsa chifukwa chimene ntchito imeneyi idali yachilendo. M'masiku amenewo mzungu akamaphunzira chiyankhulo cha mu Africa nthawi zambiri adali ndi cholinga chogwirika. Mmishoni ankafuna kulalikira ndi kumasulira Baibulo, bwana wa boma ankafuna kuweruza milandu ndi kukhometsa msonkho, ndipo wamalonda ankafuna kugula ndi kugulitsa. Chiyankhulo cha /Xam sichikadathandiza aliyense wa anthu amenewa. Eni ake adali ochepa, omwazikana ndi osauka, ndipo ambiri adali atayamba kale kuyankhula Chidatchi cha mabwana awo, chimene chidadzakhala Chiafirikanzi. Bleek ndi Lloyd ankadziwa bwino lomwe kuti akulemba chiyankhulo chimene chikufa, ndi kuti sipadzakhala sukulu yochiphunzitsa.

Komabe adalemba, tsiku ndi tsiku, mpaka masamba adapitirira 12,000. Tsamba lililonse adaligawa pawiri: mbali ina mawu a /Xam monga momwe mwini wake adawatchulira, mbali inayo kumasulira kwake m'Chingerezi, ndipo tsamba loyang'anana nalo lidali la ndemanga. Alembi ndi akonzi a mabuku angathe kuganizira kukula kwa vuto la kalembedwe limene anthuwa adakumana nalo. Ife timakangana za lembo limodzi kapena awiri m'Chichewa. Iwo adapeza chiyankhulo chokhala ndi mitundu isanu ya maliwu omveka ngati kutsonya, pamene Chizulu ndi Chixhosa zili ndi mitundu itatu yokha, yolembedwa c, q ndi x. Zizindikiro zina adazitenga kwa Richard Lepsius, ndipo ndizo zimene mukuziona m'mayina a anthu m'nkhani ino. Kuwonjezera apo, adazindikira kuti m'nthano za /Xam nyama zina, monga kamba ndi nkhandwe, ngakhalenso mwezi, zili ndi katchulidwe kawokawo ka mawu. Munthu wofuna phindu akadaona zimenezi ngati zachibwana, iwo adazilemba.

Adalembanso za /Kaggen, chiswamphika wochenjera amene adalenga ntchefu. Za mtsikana amene adaponya phulusa kumwamba nilisanduka mlalang'amba. Za mwezi ndi kalulu ndi chiyambi cha imfa. Adalemba mayina a nyenyezi, kapangidwe ka ulembe wa mivi, miyambo ya alenje, maloto, mibadwo ya mabanja, ndiponso mmene aliyense adagwidwira ndi kupita naye kundende. Sadasankhe kuti ichi n'chofunika, icho n'chachabe. Nthano imodzi ikanenedwa kawiri ndi anthu awiri, adailemba kawiri.

Tisamuyeretse Bleek mopitirira muyeso. Iye adali ndi cholinga chake: ankakhulupirira kuti mitundu ya anthu ndi ziyankhulo zake ili pa makwerero, ina pamwamba ina pansi, ndipo ankayembekeza kuti mwa anthu a San apeza chiyambi cha chiyankhulo cha munthu. Buku lake la nkhani imeneyi lidatuluka ndi mawu otsogolera a msuweni wake Ernst Haeckel. Mu 1871 adakonzanso zoti akaidi ajambulidwe ali maliseche pafupi ndi ndodo yoyezera msinkhu, potsatira pempho la Thomas Huxley wa ku London. Maganizo amenewa adatayidwa kalekale, ndipo n'koyenera kuti adatayidwa. Chimene chidakhalitsa ndi makope aja, popeza polemba sadakhotetse mawu a anthu kuti agwirizane ndi maganizo ake. Zimene ankafuna kutsimikiza zidafa, koma zimene adangomvetsera mwachifatse zilipo mpaka lero.

Bleek adamwalira mu Ogasiti 1875 ali ndi zaka 48, ndipo ntchito idatsala m'manja mwa Lucy Lloyd. Mayi ameneyu mbiri idachedwa kumupatsa ulemu wake, chikhalirecho gawo lalikulu la makopewa ndi dzanja lake. Adapatsidwa ntchito ya malemuyo kunyumba ya mabuku koma pa theka la malipiro, ndipo mu 1880 malowo adapatsidwa kwa mwamuna, Theophilus Hahn. M'zaka zomwezo, 1878 ndi 1879, ndi pamene adakhala ndi /Han≠kass'o nalemba nthano zambiri zimene lero akatswiri amazitama. Buku la Specimens of Bushman Folklore lidatuluka mu 1911, patapita zaka 36 chimwalirire Bleek, ndipo muli kagawo kakang'ono chabe ka zolembedwazo. Mu 1913 yunivesite ya Cape of Good Hope idamupatsa digiri yaulemu ya udokotala, ndipo chaka chotsatira adamwalira. Dorothea Bleek, mwana wa Wilhelm, adapitiriza ntchitoyo. Atapita kudera la Prieska m'zaka za 1910 ndi 1911 adapeza kuti mwa otsala a /Xam nthano zija zidali zitaiwalika ndithu. Mtanthauziramawu wake adasindikizidwa mu 1956, mwini wake atamwalira mu 1948.

Kwa zaka zambiri makopewa adangokhala m'mabokosi, owawerenga ali owerengeka. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1970, pamene ofufuza zithunzi za m'mapanga adayamba kuwatsegula. Kale azungu ankati zithunzizo n'zongokongoletsa, kapena kuti adajambula ndi alendo ochokera kutali. Koma mu 1874 Bleek adaonetsa Dia!kwain zithunzi zimene Joseph Orpen adakopera m'mapanga a ku Lesotho, ndipo Dia!kwain adafotokoza kuti nyama yokokedwa ndi chingwe pachithunzipo ndi nyama ya mvula, imene odziwa kuitana mvula amaitsogolera kudziko louma. Patricia Vinnicombe mu 1976 ndi David Lewis-Williams mu 1981 adalemba mabuku amene adatsamira pa maumboni otere. Si akatswiri onse amene amavomereza kamasuliridwe ka Lewis-Williams, koma otsutsa ndi ovomereza omwe amatunga pachitsime chimodzi. Kuno kwathu tili ndi zithunzi zofiira za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene zimatchedwa za Akafula, ndipo mu 2006 malo 127 a m'derali adalowa m'kaundula wa UNESCO. Koma palibe amene adakhala pansi ndi Mkafula kuti alembe mawu ake, motero zithunzi zofiirazo timazimasulira mongoyerekeza.

Mu 1997 UNESCO idayika makope a Bleek ndi Lloyd m'kaundula wa zolembedwa zofunika kusungidwa padziko lonse. Pa 27 Epulo 2000 dziko la South Africa lidakhazikitsa chizindikiro chatsopano cha boma, ndipo mawu olembedwa pansi pake, olimbikitsa anthu osiyanasiyana kugwirizana, ali m'chiyankhulo cha /Xam. Popanda makope aja sakadapezeka munthu wowalemba. Lero masamba ake adajambulidwa ndipo amawerengedwa pa intaneti. Moto umene udatentha nyumba ya mabuku ya Jagger ku yunivesite ya Cape Town mu Epulo 2021 udawasiya.

Pano wina anganene kuti mawu a akulu akoma akagonera: phindu lidachedwa koma lidafika. Mfundo imeneyi ndi yoona, koma ine sindiikhulupirira kwambiri ngati mkhalapakati wa maphunziro otere. Tikamateteza kuphunzira mbiri, nthano ndi ziyankhulo ponena kuti tsiku lina zidzapindulitsa, ndiye kuti tavomera kale muyeso wa wamalonda, tangomupempha kuti adikire. Nanga chizindikiro cha boma chija chikadalembedwa m'chiyankhulo china, kodi zaka za Lucy Lloyd zikadakhala zotayika? Tisaiwalenso kuti makopewa sadabweze chitsime ngakhale chimodzi kwa eni ake, ndipo sadaukitse chiyankhulo chawo. Chimene adachita n'chakuti munthu wa lero angathe kudziwa mmene anthu anzake, amene adaphedwa ngati nyama, ankaganizira za mvula, nyenyezi ndi imfa, m'mawu awoawo. Kudziwa kumeneko kudali kwamtengo tsiku lomwelo limene Dia!kwain ankayankhula, kusadabwere UNESCO.

Ndipo si azungu awiri okha amene adaona choncho. //Kabbo adatha chilango chake koma adakhalabe ku Mowbray mpaka Okutobala 1873. N'zoona kuti adalonjezedwa mfuti, koma adauzanso Lloyd kuti chimene ankachisowa kwambiri ku Cape Town chidali kukhala pakati pa anzake ndi kumvetsera nthano zawo. Adafotokozera Bleek za zitsime ndi mapiri a kwawo, ndipo Bleek adajambula mapu potsatira mawu ake. //Kabbo adamwalira mu Januwale 1876. M'zaka za m'ma 1980 Janette Deacon, katswiri wa zofukulidwa m'nthaka, adatenga mapu aja napita nawo kuchipululu cha pakati pa Kenhardt ndi Vanwyksvlei, ndipo adakapeza malo otchedwa Bitterpits, amene //Kabbo ankati ndiwo kwawo.