Mohieddin Ellabbad, Mmisiri Amene Anaphunzitsa Diso la Mwana Kuyambira Kumanja

Chaka chilichonse ku madrasa kumabwera ana atsopano, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka mmodzi amene amatsegula buku la alifu ndi baa kuyambira kumene limathera. Si kupusa ayi. M'mawa kusukulu amuphunzitsa kuti chala chiziyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndiye masana ife tikumuuza kuti chibwerere njira yomweyo. Pakatha masabata angapo dzanja limazolowera, nkhaniyo n'kuiwalika. Koma ku Egypt kunali munthu wina amene sanaiiwale. Iyeyu anaona kuti mbali imene mwana amayambira kuwerenga imaumbanso mmene amaonera zithunzi, ndipo anathera zaka zambiri za moyo wake pa nkhani imeneyi. Dzina lake ndi Mohieddin Ellabbad, wolemba ndi wojambula mabuku a ana.

Ellabbad anabadwa mu 1940 mumzinda wa Cairo. Ali mwana ankalakalaka kudzakhala woyendetsa sitima zing'onozing'ono zamagetsi zimene zinkayenda pa njanji m'misewu ya mzindawo, ndipo atakula analemba yekha za loto limeneli. Sitimayo sanaiyendetse. Analowa sukulu ya zojambulajambula ya ku Cairo, ndipo anayamba kujambulira magazini ya ana yotchedwa Sindbad, imene inayamba kutuluka mu 1952 ndipo inatchuka ndi zithunzi za katswiri Hussein Bicar. Pambuyo pake anagwira ntchito ku magazini a akuluakulu, Rose al-Youssef ndi Sabah al-Kheir, kumene ankajambula zithunzi zoseketsa zodzudzula zochitika m'dziko.

Nthawi imeneyo mwana wa ku Cairo akagwira buku lazithunzi, kawirikawiri ankagwira buku la ku Ulaya kapena ku America lovala Chiarabu. Osindikiza ankagula zithunzi zopangidwa kale, n'kuchotsa mawu achizungu, n'kuikamo Chiarabu. Njirayi inali yotchipa, ndipo wogula sankaonapo vuto. Koma nkhope za m'bukumo, nyumba zake, zovala zake ndi nyengo yake zinali za kwina. Ellabbad anasimba kuti iye mwini ankapaka khungu la anthu ake utoto wofiirira mwambee ngati wa anthu a ku Ulaya, poti ndiwo unkatchedwa utoto wa khungu, mpaka tsiku limene anayang'anitsitsa dzanja lake lomwe n'kuona kuti silikufanana nawo n'komwe. Ine kankhani kameneka kamandikhudza kuposa zonse zimene ndikudziwa za iye. Panalibe womuopseza kapena kumukakamiza. Utotowo unangobwera ndi dzina lake, ndipo mnyamata wanzeru anakhulupirira dzinalo kusiyana ndi maso ake.

Kusintha kwakukulu pa moyo wake kunadza mu 1974. Chaka chimenecho ku Beirut, likulu la dziko la Lebanon, kunakhazikitsidwa nyumba yosindikiza mabuku a ana yotchedwa Dar al-Fata al-Arabi. Oyambitsa ake anali ogwirizana ndi bungwe lomenyera ufulu wa Palestine la PLO, ndipo mmodzi wa iwo anali Nabil Shaath. Cholinga chawo chinali choti mwana wachiarabu, makamaka wa ku Palestine amene anabadwira mumsasa wa othawa kwawo, akhale ndi mabuku olembedwa ndi kujambulidwa ndi anthu akwawo. Ellabbad ndiye anapatsidwa udindo woyang'anira maonekedwe a mabukuwo: kukula kwa tsamba, kalembedwe ka zilembo, chikuto ndi zithunzi. Nyumbayo inasonkhanitsa akatswiri ochokera m'maiko angapo, monga Helmi El-Touni, Bahgat Osman ndi Adli Rizkallah a ku Egypt, Nazir Nabaa wa ku Syria, ndi Kamal Boullata wa ku Palestine. Ambiri a iwo anali odziwika kale pa ntchito za akuluakulu, ndipo kuvomera kwawo kujambulira ana kunasonyeza kuti ntchitoyo sinali yonyozeka monga mmene ambiri ankaionera.

Buku lotchuka kwambiri la nyumbayi ndi kabuku kakang'ono kotchedwa Al-Bayt, kutanthauza nyumba. Mawu ake analemba Zakaria Tamer wa ku Syria, zithunzi anajambula Ellabbad. Kapangidwe kake n'kosavuta mwakuti mwana wa zaka zinayi atha kukatsatira. Tsamba lililonse likuonetsa cholengedwa ndi malo ake ogona: nkhuku, kalulu, kavalo, nsomba. Mwana akamatembenuza masamba amazolowera kuti aliyense ali ndi kwawo, ndipo amayamba kuyembekezera kuti tsamba lotsatira linena zomwezo. Kenaka pakubwera munthu wa ku Palestine, amene alibe nyumba, chifukwa hema amene akukhalamo si kwawo. Mphamvu ya kabukuka ili pa kudukiza kumeneko. Pa 13 Novembala 1974, Yasser Arafat analankhula koyamba pa msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations ku New York, ndipo kabukuka, katamasuliridwa m'zilankhulo zingapo, kanagawidwa kwa nthumwi za maiko.

Tinene chilungamo: kabukuka n'kandale, ndipo sikabisa. Kholo lina lingafunse ngati n'koyenera kusenzetsa mwana wamng'ono katundu wotere. Funsolo ndi labwino. Komabe ana amene kanalembedwera anali atasenza kale katunduyo, poti anabadwira m'mahemamo. Chimene ankasowa ndi buku lonena zimene maso awo ankaona tsiku ndi tsiku.

Mu 1975 nkhondo yapachiweniweni inabuka ku Lebanon, ndipo posakhalitsa Ellabbad anabwerera ku Cairo. Nyumba yosindikizayo inapitiriza ntchito movutikira, inapirira nkhondo ya mu 1982 pamene asilikali a Israel analowa mu Beirut, koma pofika m'zaka za m'ma 1990 inatsekedwa.

Kwawo ku Cairo, Ellabbad anayamba kuphunzitsa akuluakulu zimene ankafunira ana. M'zaka za m'ma 1980 ankalemba nkhani zotsatizana zotchedwa Nazar, mawu otanthauza kuyang'ana, zimene pambuyo pake zinasonkhanitsidwa m'mabuku. M'nkhanizo ankatenga zinthu zimene aliyense amadutsa osaziona, monga zikwangwani za m'masitolo, masitampa, ndalama zamapepala ndi zizindikiro za makampani, n'kufunsa kuti anazipanga ndani, ndipo zikumuuza chiyani woziyang'ana. Ankabwereranso ku chuma chakale cha Aarabu: luso la kulemba zilembo mokongoletsa, ndi mabuku akale olembedwa pamanja okhala ndi zithunzi. Mabuku otere alipodi. Mu 1237, Yahya al-Wasiti wa ku Iraq anakopera ndi kujambula buku la Maqamat la al-Hariri, ndipo ntchito yakeyo ikusungidwa ku Paris mpaka lero. Choncho wonena kuti buku lazithunzi linafika kwa Aarabu pa sitima ya Azungu sanawerenge bwino mbiri.

Ndikudziwa kuti owerenga ena afunsa za kujambula zamoyo. Ma ulamaa anasiyana maganizo pa nkhaniyi, ndipo malo ano si oweruzira. Ndingokumbutsa kuti ambiri amafewetsa pa zinthu za ana, potengera zimene zinasimbidwa zoti mayi Aisha (Allah asangalale nawo) anali ndi zidole m'nyumba ya Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye).

Buku limene linamudziwitsa kunja kwa maiko a Aarabu ndi Kashkul al-Rassam, kutanthauza kope la wojambula, limene linatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndipo mu 1989 linalandira mphoto pa chionetsero cha zojambula za m'mabuku a ana ku Bratislava. Mulibe nthano yoyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Tsamba lililonse ndi ganizo limodzi lolembedwa pamanja, lozunguliridwa ndi zojambula, zithunzi zakale ndi timapepala tomata. Mmenemo ndimo muli nkhani ya sitima, ya utoto wa khungu, ndiponso ya kumanja ndi kumanzere.

Mfundo yake pa nkhani yomalizayi ndi yoti diso limatsata njira imene chala chinaphunzira. Kwa wowerenga Chingerezi, munthu wojambulidwa akuyang'ana kumanja amaoneka ngati akupita patsogolo, chifukwa ndiko kuli tsamba lotsatira. Kwa wowerenga Chiarabu, patsogolo ndi kumanzere. Ndiye mukatenga chithunzi cha ku Ulaya n'kuchiika m'buku la Chiarabu osachisintha, ngwazi ya m'nkhaniyo imathamangira kumene wowerenga wachokera, ngati ikuthawa nkhani yake yomwe. Mwana sangathe kufotokoza chimene chalakwika, koma mawu akumukokera uku, chithunzi chikumukokera uko. Ana athu a kunyanja kuno, amene amawerenga mbali ziwiri tsiku limodzi, angamvetse zimenezi msanga kuposa mwana wa ku Cairo kapena wa ku London. Ndinayesapo kufunsa a m'kalasi langa kuti ajambule bwato likunyamuka padoko. Ambiri analilozetsa kumanja, monga kusukulu, koma angapo analilozetsa kumanzere, ndipo panabuka mkangano woti bwato la ndani likupita ndipo la ndani likubwerera.

Bukulo linamasuliridwa m'Chifalansa mu 1999 ndi m'Chingerezi mu 2006 ku Canada. Osindikiza a Chingerezi anasiya masamba a Chiarabu mmene analili, n'kuika kumasulira m'mphepete, ndipo bukulo limatsegulidwa kuyambira kumanja. Mwana wa ku Toronto akalitsegula mwachizolowezi amapezeka ali kumapeto, ndipo amayenera kulitembenuza, monga amachitira mwana watsopano ku madrasa.

Mohieddin Ellabbad anamwalira ku Cairo pa 4 Seputembala 2010, m'masiku khumi omaliza a mwezi wa Ramadhan, ali ndi zaka 70. Mwana wake, Ahmed Ellabbad, ndi mmodzi wa okonza zikuto za mabuku odziwika ku Egypt.