Zisudzo za pamwamba pa lole: mbiri ya El Teatro Campesino



Sabata yatha ana a kalabu ya zisudzo pasukulu pathu anandipeza muofesi nkhope zili zakugwa. Akuti sewero lawo lizimiririke kaye chifukwa tilibe holo yabwino, tilibe zovala, ndipo ndalama zogulira nsalu palibe. Ndinawauza kuti akhale pansi, ndipo ndinawafotokozera mbiri ya gulu lina la zisudzo la ku America limene linayamba lilibe chilichonse mwa zimenezi. Ndaganiza zoilemba pano kuti nanunso muimve.

Choyamba, kodi Achikano ndi ndani? Awa ndi anthu a ku United States amene makolo awo ndi ochokera ku Mexico. Ena mwa iwo sanasamuke n'komwe: nkhondo ya mayiko awiriwa itatha mu 1848, madera monga California, Arizona ndi New Mexico anapita m'manja mwa United States, anthu ake ali momwemo. Dzina loti Chicano kale linali ngati lonyoza, koma m'zaka za m'ma 1960 achinyamata analitenga n'kuyamba kulitchula monyadira.

Ambiri mwa anthuwa ankagwira ganyu m'minda ikuluikulu ya zipatso ku California, kusamuka malinga ndi nyengo yokolola. Pa 8 September 1965, ogwira ntchito m'minda ya mphesa ku Delano ananyanyala ntchito. Amene anayamba sitirakayi anali ochokera ku Philippines, motsogozedwa ndi Larry Itliong, ndipo ankafuna $1.40 pa ola. Patatha masiku asanu ndi atatu, bungwe la Cesar Chavez ndi Dolores Huerta, lomwe ambiri mwa mamembala ake anali a mtundu wa ku Mexico, linagwirizana zolowa nawo.

Apa ndi pamene Luis Valdez akulowera m'nkhaniyi. Iye anabadwira ku Delano komweko mu 1940, ndipo anayamba kugwira ntchito m'minda ali ndi zaka 6. Anaphunzira pa koleji ya San Jose State, kenaka n'kugwirako ntchito ndi gulu la zisudzo la San Francisco Mime Troupe. Atamva za sitiraka anabwerera kwawo, ndipo pamodzi ndi Agustín Lira anayambitsa El Teatro Campesino, kutanthauza zisudzo za anthu ogwira ntchito m'minda.

Vuto linali lakuti osewera ake sanali akatswiri, ndipo ena sankatha kuwerenga bwino. Tsono Valdez sanawapatse mapepala oti aloweze. Ankatenga katoni, kulembapo dzina, kumangirira chingwe n'kumukoleka munthu m'khosi. Wina alembedwa Patroncito, ndiye kuti bwana. Wina Huelguista, wonyanyala ntchito. Wina Esquirol, amene amapita kukagwira ntchito anzake akunyanyala. Akatero amawauza kuti achite zimene amaziona tsiku ndi tsiku kumunda. Munthu amene wakhala akukalipiridwa ndi kapitawo zaka khumi safunika kuphunzitsidwa mmene kapitawo amayendera. Timasewero timeneti ankatitcha actos. Tinali tatifupi, toseketsa, tosakaniza Chisipanishi ndi Chingelezi, ndipo siteji yake nthawi zambiri inali pamwamba pa lole.

Limene ndimalikonda ndi Las dos caras del patroncito, la mu 1965, kapena kuti nkhope ziwiri za bwana. Bwanayo amavala chigoba chonga nkhope ya nkhumba, ndipo amauza wantchito wake kuti amamusirira chifukwa alibe nkhawa ya misonkho ndi chuma. Kenaka amagwirizana zosinthana malo. Wantchito atangovala chigoba chija amasanduka bwana weniweni, ndipo mlonda wa pamundapo amamukoka bwana uja ngati waganyu wamba, iye akukuwa kuti anthu a sitiraka amuthandize. Anthu ankaseka mpaka misozi, koma phunziro linali lomveka: chimene ankachiopa chinali chigoba, osati munthu. Ndipo munthu amene wamuseka usiku, mmawa sumuopanso ngati kale.

Mu 1966, ogwira ntchitowa anayenda wapansi kuchokera ku Delano kupita ku Sacramento, likulu la California, mtunda woposa makilomita 450. Ananyamuka pa 17 March n'kufika pa 10 April, tsiku la Pasaka. Madzulo akaima m'matauni a m'njira, gulu la Valdez linkachita masewero. Sitirakayi inatenga zaka zisanu, ndipo mu 1970 eni minda anasayina mapangano ndi bungwe la ogwira ntchito, anthu ambiri m'dzikomo atasiya kugula mphesa pofuna kuwathandiza.

Gulu la zisudzoli linali litapatukana kale ndi bungwelo mu 1967, chifukwa linkafuna kukambanso za maphunziro, tsankho ndi nkhondo ya ku Vietnam. Mu 1971 linakhazikika ku San Juan Bautista. Sewero la Valdez lotchedwa Zoot Suit, lonena za anyamata a mtundu wa ku Mexico amene anaweruzidwa mokondera pa mlandu wakupha wa Sleepy Lagoon wa mu 1942, linaonetsedwa ku Los Angeles mu 1978, ndipo mu 1979 linakhala sewero loyamba la Mchikano kufika ku Broadway. Enanu munaonera filimu ya La Bamba ya mu 1987. Amene anailemba ndi kuitsogolera ndi Valdez yemweyu.

Koma monga mphunzitsi wa mbiri yakale sindingathere pamenepa. Mu 1994 Yolanda Broyles-González anatulutsa buku lotsutsa mmene mbiriyi imafotokozedwera. Iye anati masewero aja ankapangidwa ndi gulu lonse, koma ulemu unagwera munthu mmodzi, ndipo amayi a m'gululo ankangopatsidwa mbali ya mayi, chibwenzi kapena hule. N'chimodzimodzinso ndi Itliong ndi anzake a ku Philippines: anayambitsa sitiraka ndi iwo, koma kwa zaka zambiri mabuku sankawatchula kwenikweni. Mutu umodzi susenza denga, koma mbiri imakonda kutchula mutu umodzi. Aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa za anthu otchuka tiziwafunsa ana kuti: nanga amene anali kumbuyo kwake ndi ndani?

Ana anga aja anachoka muofesi akukangana kuti apeza kuti makatoni. Lachisanu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, mtsikana wa Fomu 3 atakoleka m'khosi chikwangwani cholembedwa "Aphunzitsi", akuyenda ndendende ngati ine. Ndinaseka nawo, ngakhale zina zimene ananena zinandilasa.