Mlandu wa Mseu ndi Woyendetsa Galimoto

Ikagwa ngozi ya galimoto, munthu nafa, anthu osonkhana pamaliro amagawikana pawiri. Ena amati, Mseu uja ngwoipa, pokhota pake nkobisika. Ena amati, Iyayi, woyendetsa ndiye anathamanga. Mlandu umenewu suli wa lero, pakuti unabadwa pamodzi ndi galimoto yomwe. Tsono tiyeni tiutsate monga unayendera m'dziko la Angerezi, kumene Boma lawerenga akufa pamseu chaka ndi chaka.

Pa 17 August 1896, mai wina wa ku Croydon, dzina lake Bridget Driscoll, analikuyenda ndi mwana wake wamkazi pabwalo la Crystal Palace ku London. Pamenepo panali galimoto imene eni ake analikukwezamo anthu kuti aone chinthu chatsopanochi. Galimotoyo inamgunda maiyo, nafa pomwepo. Woyendetsa, Arthur Edsall, anali atagwira ntchitoyi masabata atatu okha. Pa mlandu iye anati analikuyenda mailosi 4 pa ora, ndiwo mayendedwe a mnyamata wofulumira pa ulendo, nati analiza belu ndi kufuula. Koma mboni zina zinati galimotoyo inadza ndi liwiro loopsa, ikukhotakhota. Atamva mlandu maora 6, anagamula kuti imfayo inali ya ngozi chabe, ndipo palibe amene analangidwa. Woweruza, Percy Morrison, anati akuyembekeza kuti chotere sichidzaonekanso.

Taonani kuti pa mlandu woyambawu onse anayang'ana manja a woyendetsa ndi mapazi a malemu. Funso lakuti, Nanga anthu oyenda pansi ndi magalimoto asanganizidwa bwanji pabwalo limodzi? silinalemere m'chigamulo chao. Malamulo otsatapo anapita njira yomweyo. Lamulo la 1903 linati woyendetsa aliyense akhale ndi kalata ya chilolezo, ndipo asapitirire mailosi 20 pa ora. Koma kalatayo inagulidwa ndi mashilingi 5, popanda kuyesedwa konse. M'chaka cha 1930 nyumba ya malamulo, poona kuti oyendetsa ambiri salisamala lamulo la mailosi 20, inalichotsa, niika m'malo mwake chilango cha munthu woyendetsa moopsa kapena mosasamala. Ndiko kunena kuti anasenzetsa katundu yense pa nzeru za woyendetsa. Chaka chotsatira anasindikiza kabuku ka malangizo a pamseu, mtengo wake kobiri limodzi.

Kabukuko sikanaletse maliro. M'chaka cha 1934 anafa anthu 7,343 m'miseu ya dzikolo, ndipo ngati theka la iwo anali oyenda pansi. Pamenepo nduna yatsopano yoyang'anira za maulendo, Leslie Hore-Belisha, inagwira mbali zonse ziwiri. Kwa woyendetsa inaika mayeso, amene anakhala okakamiza mu June 1935, ndi malire a mailosi 30 pa ora m'midzi ndi m'mizinda. Pa mseu inaimika mizati yakuda ndi yoyera, ya mitu yobulungira yachikasu, yosonyeza pooloka anthu. M'masiku omwewo Percy Shaw wa ku Halifax anapanga timagalasi tokhomera pakati pa mseu, tobweza kuwala kwa nyali za galimoto monga maso a mphaka usiku.

Koma umboni umene ine ndiuyesa woposa wonse unadza ndi nkhondo. Pa 1 September 1939 Boma linalamula kuti nyali za m'miseu zizimitsidwe usiku, kuti ndege za Ajeremani zisaone mizinda, ndipo nyali za magalimoto nazo zinaphimbidwa. Oyendetsa anali omwewo a dzulo, ndi mitima yao yomweyo. Sanasanduke zidakwa kapena amisala usiku umodzi. Ndiponso magalimoto anachepa pamseu, popeza petulo anayamba kugawidwa mwa muyeso. Chimene chinasintha ndi mseu wokha, umene unasanduka mdima. Ndipo mwezi woyamba womwewo akufa anachuluka ngati kawiri poyerekeza ndi September wa chaka chapitacho. Boma linapaka utoto woyera m'mphepete mwa miseu ndi pamitengo, nilamula mu 1940 kuti usiku m'mizinda galimoto isapitirire mailosi 20 pa ora. Ngakhale zinatero, m'chaka cha 1941 anafa anthu 9,169, ndipo chiwerengero chimenechi sichinapitiriridwe m'dzikomo chaka china chilichonse. Iye amene amati mseu ulibe mlandu, atiuze chimene chinapha anthu awa.

Komatu amene aimira woyendetsa asakondwere msanga. Nkhondo itatha, nyali zinayakanso, miseu yaikulu inamangidwa, koma akufa anakweranso kufikira 7,985 m'chaka cha 1966. Chaka chotsatira nduna ina, mai Barbara Castle, inaika muyeso wa mowa umene woyendetsa sayenera kuupitirira m'mwazi mwake, nipatsa apolisi kachipangizo kouziramo mpweya kakuulula amene wamwa. Eni nyumba za mowa anakwiya, ndipo maiyo analandira makalata omuopseza. Koma m'chaka choyamba cha lamuloli akufa anachepa ndi oposa 1,000, mseu uli womwewo. Tsono mu 1939 mseu unasintha woyendetsa ali yemweyo, maliro nachuluka. Mu 1967 woyendetsa anasintha mseu uli womwewo, maliro nachepa. Mboni ziwirizi sizitsutsana, ndipo woweruza wolungama sangathe kuthamangitsa imodzi pabwalo.

Amene anaunena mlanduwu mwa njira yatsopano si Angerezi, koma anthu a ku Sweden, dziko la kumpoto kwa Ulaya. M'chaka cha 1997, mmene anthu 541 anafa m'miseu yao, nyumba yao ya malamulo inavomereza mfundo yakuti munthu asafe kapena kulumala chifukwa cha kuyenda pamseu. Anati woyendetsa ayenera ndithu kumvera malamulo. Koma popeza munthu aliyense amatopa, amaodzera, amalakwa, omanga mseu ali ndi mangawa akuumanga kotero kuti kulakwa kwa kamphindi kusabale imfa. Ndipo munthu akafabe, mlandu ubwerere kwa omangawo kuti akonzenso. Ine ndiyesa kuti apa anaona bwino, pakuti bwalo la milandu limafunsa za wolakwa mmodzi wa dzulo, koma womanga mseu ayenera kulingalira za zikwi za olakwa a mawa.

Mu 1998 anayesa mfundoyi pa mseu wa kumpoto kwa mzinda wa Gävle, umene unatchuka ndi magalimoto ogundana maso ndi maso. Anaika zingwe zachitsulo pakati pake, kuti woyendetsa woodzera agunde chingwe, asagunde banja lodza kutsogolo kwake. Ambiri anazida zingwezo poyamba, koma imfa zitachepa anaziika m'miseu ina yambiri. M'chaka cha 2019 akufa m'miseu ya Sweden anali 221, ndi a m'miseu ya Britain 1,752, ngakhale magalimoto a ku Britain anali atachuluka koposa kakhumi kuyambira masiku a Hore-Belisha.