Cifukwa cake waya wa malaiti amayenda mowongoka m'khoma

Mukaona mmisili wa malaiti akuyeza ndi levo njila ya waya pa khoma limene mawa lidzamatidwa pulasitala, musaganize kuti akungodzionetsa. Khalidwe limeneli linayamba kale, ndipo linayamba cifukwa ca moto.

Mu 1882, ku London, bungwe la Society of Telegraph Engineers and Electricians linalemba malamulo ake oyamba a kaikidwe ka mawaya m'nyumba. Kanali kabuku ka masamba ocepa cabe, ndipo mutu wake unali kukamba za kupewa moto wobwela ndi nyale za malaiti. Caka comweco kampani ya inshuwalansi ya Phoenix inatulutsanso malamulo ake. M'pake, pakuti nyumba ikapsa ndiwo anali kulipila. Masiku amenewo waya anali kukutidwa ndi labala ndi nsalu, ndiyeno n'kugonekedwa m'thabwa losemedwa tingalande tiwili, waya aliyense m'kangalande kake, pamwamba n'kutsekapo ndi kathabwa kena. Inali nchito ya ukalipentala ndithu. Pamene mawaya alumikizidwa molobodoka pamatentha, ndipo thabwa louma silicedwa kuyaka. Conco ukhondo wa nchito sunali wokongoletsa nyumba ayi.

Kabuku kaja kanakula n'kukhala malamulo a IEE, amene mu 1992 anakhala muyezo wa dziko la Britain, BS 7671. Kope la nambala 18 linatuluka mu 2018. Ndi buku lalikulu lodzala manambala, koma muli ndime yaifupi, 134.1.1, imene imangofuna nchito yabwino, ya anthu odziwa, ndi zipangizo zoyenela. Ku America nakonso, National Electrical Code, imene inayamba mu 1897, inakhala zaka zambili ikulamula pa ndime 110.12 kuti nchito izikhala yaukhondo ndi yaumisili. Vuto n'lakuti ukhondo ulibe mita yoyezela. Woyendela nchito ndi mmisili anali kukangana, wina akuti zili bwino, wina akuti pasula. Mu 2023 anasintha mawuwo kuti akambe za luso, koma sindiona kuti mkangano unathela pamenepo.

Mbali imene imatikhudza ife kwambili ndi ya nkhondo yaciwili ya dziko lonse. Kopa wa ku Nkana, Mufulira, Roan Antelope ndi Nchanga anali kupita ku Britain, koma nkhondo inadya wambili, ndipo nyumba zofunika kumangidwa pambuyo pa mabomba zinali zoculuka. Komiti imene munali mai Caroline Haslett inatulutsa lipoti mu 1944, ndipo mu 1947 panabwela pulagi ya mapini atatu a makona, ya fyuzi mkati, BS 1363. Ndi yomweyi imene mumalowetsa m'khoma ku Chipata kapena ku Kabwata. Inabwela pamodzi ndi nzelu yopulumutsa kopa: m'malo mwakuti soketi iliyonse ikhale ndi waya wake, waya mmodzi amacoka ku bokosi la mafyuzi, n'kuzungulila masoketi onse, n'kubwelelanso kumene anacoka. Mphamvu imafika pa soketi kudzela mbali ziwili, conco waya wocepa thupi amakwanila.

Nzelu imeneyi ili ndi msampha. Sikulu imodzi ikamasuka kumbuyo kwa soketi, mkombelo uja umaduka, koma masoketi onse amagwilabe nchito. Mwini nyumba sadziwa ciliconse. Katundu amene anali kugawidwa mbali ziwili tsopano angadutse mbali imodzi, pa waya wa 2.5 mm² wotetezedwa ndi buleka ya 32 A, yomwe singagwe msanga. Ndiye cifukwa cake mmisili weniweni amayeza mkombelo ndi mita asanatseke bokosi, osati kungoyatsa ketulo n'kunena kuti zatheka.

Za kuwongoka kwa waya nazonso zili ndi lamulo. Waya wobisika pafupi ndi pamwamba pa pulasitala ayenela kuyenda coimilila kapena copingasa kucokela pa swichi kapena soketi, apo ayi m'kati mwa 150 mm kucokela ku siling'i kapena pa ngodya ya cipinda. Wokhoma msomali wa kalenda akaona swichi, amadziwa pamene sayenela kukhoma. Waya wodutsa copendekeka amapulumutsa mita imodzi kapena awili, ndipo amaikidwa ndendende pamene munthu akuganiza kuti palibe kanthu.

Mitundu ya mawaya inasinthanso. Pakati pa 2004 ndi 2006 Britain inasiya wofiila ndi wakuda n'kutenga wa bulauni ndi wa buluu. Wakuda, amene kale anali nyutilo, anakhala waya wamoto m'mawaya a mafezi atatu, ndipo wa buluu, amene anali wamoto, anakhala nyutilo. Analamula kuti pamene mitundu iwiliyi yakumana, pa bokosi pamatidwe cikwangwani cocenjeza. Kuno kwathu nyumba zambili zikali ndi wofiila ndi wakuda, pamene cingwe ca ayiloni kapena ca fuliji cimabwela ndi bulauni ndi buluu.