Ansembe a Chipembedzo cha Asanu ndi Awiri m'mabuku a George R. R. Martin

Chipembedzo cha Asanu ndi Awiri ndi chipembedzo chongopeka chomwe chimapezeka m'mabuku a A Song of Ice and Fire, olembedwa ndi George R. R. Martin wa ku America. Buku loyamba, A Game of Thrones, lidatuluka mu 1996, ndipo kanema wochokera m'mabukuwa adaonetsedwa pa HBO kuyambira 2011 mpaka 2019. Martin, yemwe adakulira m'banja lachikatolika ku Bayonne, New Jersey, adaumba chipembedzochi potengera Mpingo wa Katolika wa ku Ulaya wamakedzana. Wansembe wamwamuna amatchedwa septon, wamkazi septa, ndipo nyumba yopempherera, yomwe imakhala ndi makoma 7, imatchedwa sept.

Chikhulupiriro

M'nkhaniyi, chipembedzochi chidafika m'dziko la Westeros ndi anthu a mtundu wa Andal, ochokera kutsidya la nyanja ku Essos. Ansembe amaphunzitsa kuti mulungu ndi mmodzi koma nkhope zake ndi 7: Atate oweruza, Amayi achifundo, Wankhondo, Namwali, Wosula zitsulo, Nkhalamba yonyamula nyali yanzeru, ndi Mlendo, yemwe ndi nkhope ya imfa. Anthu wamba ambiri amangoti milungu ilipo 7, ndipo ansembe akumudzi sataya nthawi kukangana nawo. Buku lawo lopatulika limatchedwa Nyenyezi ya Nsonga Zisanu ndi Ziwiri. Kumpoto, komwe anthu ambiri amapembedzabe milungu yakale patsinde la mitengo yosemedwa nkhope, milunguyo ilibe ansembe.

Ntchito za septon

Munthu akamalowa unsembe amalumbira kuti sadzakwatira, ndipo amataya dzina la banja lake. Ngakhale atabadwira kunyumba yachifumu, kuyambira tsikulo amangodziwika ndi dzina lake loyamba.

Septon amaperekeza munthu kuchokera kuchikuta mpaka kumanda. Khanda likamapatsidwa dzina, amalidzoza mafuta a mitundu 7. Paukwati amaima pakati pa guwa la Atate ndi la Amayi, amatsogolera malumbiro ndi madalitso, ndipo mkwatibwi amavulidwa mwinjiro wa kwawo n'kuvekedwa wa banja la mwamuna wake. Septon amamvanso kulapa kwa ochimwa, amadzoza asilikali apakavalo omwe akulandira ulemu wawo, amapempherera maliro. Mlandu ukati uweruzidwe pomenyana ndi malupanga, septon ndiye amayamba wapempha milungu kuti ionetse yemwe ali wolakwa. Pamapemphero amafukiza lubani ndi kukweza mwala wonyezimira ngati galasi, womwe umagawa kuwala kukhala mitundu ya utawaleza.

Ansembe ena amakhala m'malinga a olemera. Ena alibe ndi sept yomwe, amangoyenda m'midzi. Wodziwika mwa iwo ndi Septon Meribald wa m'buku la A Feast for Crows, la 2005. Meribald sadziwa kuwerenga kapena kulemba, koma mapemphero adawaloweza pamtima. Wakhala akuzungulira chigawo cha mitsinje kwa zaka 40. Amayenda wopanda nsapato, ali ndi bulu wosenza chakudya cha osauka komanso galu yemwe amangomutchula kuti Galu. Kumudzi komwe wafika amakwatitsa omwe akhala akudikira, amamva kulapa kwa anthu, nthawi zina n'kugawako malalanje omwe iye mwini amawakonda kwambiri. Ali mnyamata adapitako kunkhondo, n'chifukwa chake amawamvetsa asilikali othawa nkhondo omwe asanduka zigawenga. Pansi pa ansembe oterewa pali abale opemphetsa, ovala mikanjo yokhakhala, mbale ili lende m'khosi.

Akazi m'chipembedzochi

Ma septa ambiri amakhala m'nyumba zawo za asisitere, koma ena amalembedwa ntchito yolera ndi kulangiza ana aakazi a mabanja apamwamba. Septa Mordane, mwachitsanzo, ndiye ankaphunzitsa Sansa ndi Arya Stark kusoka ndi ulemu. Gulu lina ndi la alongo achete, omwe amalumbira kuti sadzayankhulanso. Amavala zotuwa, amaphimba nkhope kusiya maso okha, ndipo ntchito yawo ndi kukonza mitembo ndi kuperekeza mafupa a akufa kwawo. Anthu amawatcha akazi a Mlendo, ndipo ngakhale m'nthawi ya nkhondo ambiri amaopa kuwagwira.

Septon Wamkulu

Mtsogoleri wa onse ndi Septon Wamkulu, yemwe amasankhidwa ndi bungwe la ansembe akuluakulu. Iye amataya ngakhale dzina lake loyamba, n'chifukwa chake anthu amangosiyanitsa ma Septon Aakulu ndi maina ongowapatsa, monga "wonenepa uja". Amavala chisoti cha miyala yonyezimira. Kale likulu lake linali mu mzinda wa Oldtown. Pambuyo pake lidasamukira ku sept yaikulu ya Baelor mu mzinda wa King's Landing.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa mafuta odzozera mafumu. Aegon wa banja la Targaryen atagonjetsa Westeros ndi zinjoka zake zolavula moto, zaka za ufumu wake zidayamba kuwerengedwa kuchokera tsiku lomwe Septon Wamkulu adamudzoza ku Oldtown. N'chifukwa chake mafumu amafunitsitsa kuti pampandopo pakhale munthu wowamvera. Mfumu Baelor, yomwe inali yokonda kupemphera mopyola muyeso, idaikapo mmisiri wosema miyala, kenako kamnyamata ka zaka 8.

Ansembe ndi lupanga

Kale chipembedzochi chinali ndi magulu awiri ankhondo: Ana a Wankhondo, omwe anali asilikali apakavalo, ndi Anyamata Osauka, anthu wamba onyamula nkhwangwa. Maguluwa adaukira mafumu a banja la Targaryen chifukwa cha mwambo wawo wokwatirana pachibale. Mfumu Maegor idawaletsa ndi kulonjeza ndalama yagolide kapena yasiliva kwa aliyense wopha mmodzi wa iwo. Mtendere udabwera m'nthawi ya Jaehaerys Woyamba, mothandizidwa ndi Septon Barth, mwana wa wosula zitsulo yemwe adakhala nduna yaikulu ya mfumu zaka 40. Ansembe adatula zida ndi ufulu woweruza okha milandu yawo, mfumu n'kulonjeza kuwateteza.

Pangano limeneli lidaphwanyidwa ndi Mfumukazi Cersei Lannister. Nkhondo itasakaza midzi, khamu la osauka otchedwa mpheta lidakhamukira ku King's Landing n'kukakamiza kuti wansembe wawo woyenda chosavala nsapato akhale Septon Wamkulu. Anthu adamutcha Mpheta Yaikulu. Iye adagulitsa chisoti chija kuti adyetse anjala, nalamula ansembe onenepa kuti azikolopa pansi. Cersei adamulola kudzutsanso magulu ankhondo aja pofuna kuti akhululukire ngongole ya ufumu ndi kudalitsa mwana wake, Mfumu Tommen. Sipadapite nthawi, Cersei yemweyo adatsekeredwa ndi ansembewo, ndipo mu A Dance with Dragons, la 2011, adametedwa mpala n'kuyendetsedwa wamaliseche m'misewu ya mzindawo ngati kulapa. Mukanema, momwe Jonathan Pryce adasewera ngati Mpheta Yaikulu, Cersei adabwezera pophulitsa sept ya Baelor ansembe ali m'katimo. Mabuku omwe atuluka mpaka pano amamusiya Cersei akudikirabe mlandu wake.