Chala papepala: tikiti ya kumgodi ndi lumbiro la usilikali

M'chaka cha 1916 boma la Southern Rhodesia, dziko lomwe makolo athu ankangolitchula kuti ku Halale, linayamba kulemba anthu akuda usilikali. Nkhondo ya ku German East Africa inali itafika povuta, azungu oti apite kukamenya anali atachepa, ndipo kampani ya British South Africa Company, yomwe inkalamulira dzikolo, inavomera monyinyirika kupatsa anthu akuda mfuti. Inali isanaiwale kuwukira kwa Andebele ndi Ashona kwa 1896. Gulu latsopanolo analitcha Rhodesia Native Regiment ndipo analipereka m'manja mwa Alfred Tomlinson, mkulu wa apolisi. Akuluakulu ankayembekezera kuti Andebele ndiwo adzadzaze gululo poti ankawaona ngati mtundu wodziwa nkhondo. Sizinatero. Ambiri mwa amene anabwera kudzadinda chala anali alendo ochokera ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique, anthu omwe ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Wolemba mbiri Timothy Stapleton analongosola zimenezi m'buku lake la 2006, No Insignificant Part.

Ntchito yanga ndi yomasulira, motero pankhani imeneyi maso anga sakhala pa mfuti. Amakhala pa tebulo lolembera anthu, pomwe panali mzungu wogwira pepala lachingelezi, womasulira ataima pambali, ndi mwamuna wosadziwa kuwerenga atatambasula chala. Kodi iye ankaganiza kuti akuvomera chiyani? Kuti tiyankhe, tiyambe taona pepala lina lomwe mwamunayo ankalidziwa kale, pepala la kumgodi.

Chigawo cha Midlands chili pakati pa Zimbabwe, ndipo matauni ake ambiri anabadwa ndi migodi. Ku Que Que, komwe lero ndi Kwekwe, kunali mgodi wagolide wa Globe and Phoenix. Ku Selukwe, lero Shurugwi, kunali golide ndi chrome. Ku Shabani, lero Zvishavane, asibesito anayamba kukumbidwa m'zaka zomwezo za nkhondo. Eni nthaka, pokhala ndi minda ndi ng'ombe zawo pafupi, ankatha kugulitsa chimanga n'kulipira msonkho osalowa pansi. Choncho migodi inadalira anthu ochokera kumpoto kwa Zambezi. Ena ankabwera okha wapansi, kusankha mgodi potsata mbiri yomwe amva m'njira. Ena ankagwidwa ndi bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lomwe linakhazikitsidwa mu 1903. Antchito analipatsa dzina lakuti chibalo, ndipo Charles van Onselen anatenga mawu omwewo kukhala mutu wa buku lake la 1976. Wa chibalo sankasankha kopita. Bungwelo linkamutumiza kumene anthu oyenda okha ankakuzemba, kumigodi ya malipiro ochepa ndi imfa zambiri.

Nthawi ya kumgodi sinkawerengedwa ndi mwezi wa kumwamba koma ndi tikiti. Tikiti imodzi inali masiku 30 ogwira ntchito, ndipo tsiku linkalowa m'tikitimo pokhapokha mzungu woyang'anira atachonga. Ukadwala, tsikulo silinkawerengedwa. Ukaboola mwala koma bowo osafika muyeso wake, tsikulo limatha kupita pachabe. Choncho munthu wouzidwa kuti kontrakiti yake ndi ya matikiti 12, n'kumva ngati ndi chaka, ankadzapeza kuti chaka chatha iye akadali ndi ngongole ya masiku. Kuthawa kunali mlandu. Lamulo la mabwana ndi antchito la 1901 linkati wantchito wophwanya pangano akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo chitupa chinkaulula kumene wachokera. Antchito nawo anali ndi nzeru zawo. Ankapatsa migodi mayina ochenjezana nawo m'njira, ndipo mgodi wina unkadziwika kuti Chayamataka. Dzina lotere silifuna womasulira.

Ngakhale ntchito yeniyeni m'komboni inkagawidwa potengera zomwe azungu ankakhulupirira za mitundu. Wophunzira kusukulu za mishoni, monga za Livingstonia ndi Bandawe, ankatha kukhala kalaliki kapena kapitawo. Upolisi wa m'komboni unkaperekedwa kawirikawiri kwa anthu a mitundu yomwe inkatchuka ndi nkhondo. Otsalawo nyundo, fosholo ndi ngolo zinali zawo.

Mwamuna wozolowera dongosolo lotere akamva kuti boma likulemba asilikali, kuti kuli yunifolomu, chakudya chokwanira ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, sankaona ngati akulowa m'dziko lachilendo. Ankaona bwana wina ndi kontrakiti ina, mwina yabwinoko, makamaka m'zaka zimene mitengo ya zinthu inkakwera koma malipiro a kumgodi ali pomwepo. Ndikhulupirira kuti apa ndi pamene panagona kusamvana kwakukulu, ndipo n'kusamvana kwa mawu. Chichewa chimati "kulembedwa ntchito" komanso "kulembedwa usilikali", mneni yemweyo. Koma mapepala awiriwa si amodzi. Kontrakiti ya ntchito, ngakhale yokondera chotani, imatchula ntchito, malo ndi mapeto. Pepala la usilikali ndi lumbiro: munthu amalonjeza kumvera mfumu ndi onse omuyang'anira, kupita kulikonse kumene atumidwe, kugwira iliyonse imene apatsidwe. Pa nthawi ya nkhondo mapeto ake amakhala m'manja mwa nkhondoyo. Ngakhale azungu a ku Britain omwe analowa usilikali mu 1914 ankasainira zaka zitatu kapena mpaka nkhondo ithe. Wothawa kumgodi ankalipira faindi kapena kukhala m'ndende. Wothawa pankhondo, malamulo ankalola kuti aomberedwe. Womasulira woona mtima akanafunika kunena kuti: pano simukugulitsa masiku anu, mukupereka thupi lanu.

Asilikali oyamba a gululi ananyamuka ku Salisbury pakati pa 1916, kudzera ku Beira, n'kukafika ku Zomba asanapitirire kumpoto kukalowa m'gulu la Edward Northey. Taganizirani Mnyanja kapena Myao yemwe anayenda masabata ambiri wapansi kuthawa msonkho ndi thangata, tsopano akudutsa m'dziko lakwawo ali pamzere, wopanda chilolezo chopatuka kukaona amayi ake. Anakamenya ku Songea ndi madera ena a kummwera kwa German East Africa, kenako analondola Paul von Lettow-Vorbeck mpaka m'nkhalango za ku Mozambique. Lettow-Vorbeck anagonja ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918, ndipo gululo linathetsedwa nkhondo itatha.

Kwathu nkhondo yomweyo imakumbukiridwa kuti ya Chiwaya, dzina lomwe Melvin Page analiika pa buku lake. Kumeneko kugawa ntchito kunali kwa nkhanza zoonekeratu. Ochepa analembedwa kukhala asilikali a Keyala, King's African Rifles, ndipo azungu ankakonda kulemba Ayao powayesa olimba mtima. Koma ochuluka koposa, oyandikira 200,000, anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza katundu ndi zipolopolo pamutu, nthawi zambiri atachita kugwidwa kudzera mwa mafumu. Msilikali anali ndi nambala, yunifolomu ndi mwayi wa nyota. Wamtengatenga ankafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo m'mbali mwa njira. Onsewa anali pankhondo imodzi, ndipo chomwe chinawasiyanitsa si kusankha kwawo koma diso la wolemba. John Chilembwe anali atadandaula kale kumapeto kwa 1914, m'kalata yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, za kukhetsa magazi a anthu akuda pankhondo yomwe phindu lake silinali lawo.

Nkhondo yachiwiri inabweretsa nkhaniyi pakhomo penipeni pa Midlands. Britain inasankha Southern Rhodesia kukhala malo ophunzitsira oyendetsa ndege, ndipo kuzungulira Gwelo, lero Gweru, kunamangidwa mabwalo a ndege a Thornhill, Moffat ndi Guinea Fowl. Mnyamata wachizungu wobadwira ku Selukwe mu 1919, Ian Smith, anafuna kukhala woyendetsa ndege zankhondo, anadzipereka, ndipo anaphunzitsidwa kufupi ndi kwawo komweko. Mnyamata wakuda wa m'komboni ya Selukwe njira imeneyo inali yotseka kwa iye. Akanatha kulowa Rhodesian African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1940 n'kukamenya ku Burma mu 1945, koma m'gululo maudindo a uofesala anali a azungu okha mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Akanatha kulowa Rhodesia Air Askari Corps n'kumalondera ndege zomwe sadzaziyendetsa. Apo ayi, khasu ndi piki zinkamudikira: mabwalo a ndegewo anasalazidwa ndi manja a anthu akuda, ambiri atatengedwa mokakamiza, ndipo mu 1942 lamulo la Compulsory Native Labour Act linalola boma kugwira amuna n'kuwatumiza kukalima m'mapulazi a azungu m'dzina la nkhondo. Eni migodi nawonso sankafuna kutaya antchito, poti chrome ya ku Selukwe ndi asibesito wa ku Shabani zinali zofunika pankhondo. Kumene mwamuna wakuda akagwire ntchito kunali mkangano wa pakati pa asilikali, alimi ndi eni migodi. Mwini thupi sankafunsidwa.

Nkhondo itatha, zomwe zinali papepala zinaperekedwa: kandalama kotsanzikira ndi mamendulo. Zomwe anthu ankayembekezera pomva malankhulidwe a olemba usilikali, monga malo, ntchito yabwino ndi ulemu, zinalibe pepala. Asilikali achizungu anakonzeredwa mapulazi. Ku Rhodesdale, kufupi ndi Que Que, mabanja a anthu akuda anasamutsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kupita ku Gokwe ndi ku Sanyati kuti malowo agawidwe kwa azungu, ena mwa iwo obwera kunkhondo. Mlendo wochokera ku Nyasaland analibe ngakhale munda woti alandidwe. Ankabwerera kwawo kapena kukomboni, kukayambiranso tikiti. Ambiri anakhala machona, ndipo zidzukulu zawo ndi zomwe zimavina gule wamkulu m'matauni a migodi lero. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kunasiya ambiri a iwo ndi zitupa zowatchula alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anawabwezera unzika obadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Pepala linapitirizabe kunena yemwe munthu ali.

Wina anganene kuti izi ndi zachitsamunda, zinapita. Zina zinapitadi. Masiku ano magulu ena a asilikali amalemba ntchito ya munthu m'kontrakiti. Ku America wolowa usilikali amayamba walemba mayeso, ndipo zotsatira zake, pamodzi ndi mipata yomwe ilipo, ndi zomwe zimatsegula kapena kutseka ntchito monga ya zachipatala, ya makina kapena yogwira mfuti. Koma fomu yomwe amasaina, DD Form 4, imanena poyera kuti lonjezo lililonse lomwe silinalembedwe mmenemo silidzalemekezedwa. Udindo wonse ndi wa zaka 8 ngakhale munthu atasainira zochepa zokhala m'kampu, ndipo pankhondo ya ku Iraq ambiri anasungidwa kupitirira tsiku lawo lotuluka. Mtima wa pepalalo sunasinthe: msilikali amamangidwa kolimba, boma limadzisiyira khomo. Ndipo kuli malo komwe ngakhale kuwerenga kumene n'kosatheka. Mu 2022 wophunzira wa ku Zambia yemwe anali m'ndende ku Russia anafera pankhondo ku Ukraine atatulutsidwa kuti akamenye nkhondoyo posinthana ndi ufulu. Kuchokera apo mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Kenya ndi South Africa, adandaulapo za anyamata awo omwe analonjezedwa ntchito zina n'kukapezeka ali kutsogolo kwa nkhondo, atasaina mapepala a chinenero chomwe sachidziwa.

Sindikunena kuti amuna a 1916 anali opusa. Anali anthu odziwa kuyeza bwana, odziwa mgodi wothawa ndi mgodi wopirira, ndipo ena analowa usilikali atawerengera bwino kuti chipolopolo sichoopsa kuposa chibayo cha m'komboni. Atabwerera anasandutsa perete kukhala malipenga ndi mganda, magule momwe munthu wakuda amadzipatsa yekha nyota zomwe Keyala inamumana. Chomwe analibe ndi mpata woona ngati mawu a pakamwa ndi mawu a papepala anali amodzi. Mpata umenewo unali m'manja mwa womasulira, ndipo womasulirayo ankalipidwa ndi mwini pepala.

Ife tili ndi mpatawo, pang'ono. Mwana wa ku Zvishavane kapena wa ku Dedza akabwera ndi pepala lochokera kwa wolemba ntchito wa kunja, mafunso ndi omwewo amene akanathandiza agogo ake. Ntchito imene wauzidwayo yalembedwa pati? Ndani ali ndi mphamvu yoisintha? Masiku akuwerengedwa bwanji, ndipo akuchonga ndani? Ukafuna kuchoka, ndi kuphwanya pangano kapena ndi mlandu? Ndipo amene akukumasulirayo akudya kwa yani? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mafunso amenewa ayenera kufunsidwa m'chinenero chomwe mwini chala amalota nacho, chalacho chisanakhudze inki.